Filimu yachiwiri ya Pee-wee yatikhumudwitsa: kodi chidalakwika n'chiyani?

BamboWaAtatu
Ndikupempha maganizo kwa inu amene mumaidziwa filimu ya Big Top Pee-wee, imene inatuluka mu 1988. Masabata awiri apitawo ndinaonera ndi ana anga atatu filimu yoyamba ija, Pee-wee's Big Adventure, ndipo chiyambire chaka chino m'nyumba mwanga simunamvekepo kuseka kotero. Mwana wanga wotsiriza, wa zaka 6, anachita kugwa pampando pamene Pee-wee ankavina pamwamba pa kauntala m'bala ya anthu a njinga zamoto atavala nsapato zazitali zija, ndipo kutacha anatenga riboni wofiira wa mchemwali wake n'kudzimanga pakhosi kuti akhale ngati tayi. Choncho nditapeza yachiwiri ndinawalonjeza kuti tidzaonera Loweruka, ndipo anaiyembekezera sabata yonse. Tsikulo litafika tinakazinga chimanga, tinazimitsa magetsi, koma tisanafike n'komwe pakati wamkulu anali atatenga foni, wapakati anali m'tulo, ndipo wamng'ono uja anandikoka malaya n'kundifunsa kuti, "Adadi, nanga njinga yake ili kuti?" Ineyo ndinapirira mpaka kumapeto. Munthu wake ndi yemweyo, suti yotuwa ndi yomweyo, kasekedwe kake ndi komweko, koma mtima wanga sunatengeke. Ndithandizeni kumvetsa kuti chinasowa n'chiyani.

Nangozo_Leeds
Bambo, mwana wanuyo wayankha kale funso lanu. Chimene chinasowa ndi njinga.

MphunzitsiWaChichewa
Mayi Nangozo anena mwachidule zimene ine ndimatha nazo sabata yathunthu pophunzitsa ana a fomu 3 za mtengambali. Mtengambali amatikoka akakhala ndi chinthu chimodzi chimene akuchifuna ndi mtima wonse. M'filimu ya 1985, Pee-wee ali ndi njinga yofiira imene amaikonda kuposa munthu aliyense, ndipo Francis, mwana wa mpondamatiki, amaisirira. Njingayo ikabedwa, zonse zotsatira zimachokera pamenepo. Wolosera wabodza amamuuza kuti ili m'chipinda cha pansi pa nyumba yakale yotchuka yotchedwa Alamo, ku San Antonio m'chigawo cha Texas, ndipo iye amadula mtunda wonsewo, kukwera ndi mkaidi wothawa, kukwera lole ya Large Marge amene ndi mzukwa, n'kukamva atafika kuti nyumbayo ilibe chipinda cha pansi. Mwana wa zaka 6 amamvetsa zonsezi chifukwa nayenso anatayapo chidole chake nalira.

Tsopano taonani yachiwiriyi. Pee-wee ndi mlimi, ali ndi nkhumba yolankhula dzina lake Vance, ali ndi mtengo wobereka masoseji umene akuubisa, ali pa chibwenzi ndi mphunzitsi wotchedwa Winnie, anthu okalamba a m'tauni amadana naye, kenako mphepo yamkuntho imagwetsera gulu la circus (anthu oyendayenda oonetsa masewera odabwitsa m'chihema) pamunda pake, ndipo amakopeka ndi Gina, mtsikana wolendewera pa zingwe m'mwamba. Ndiuzeni, pa zonsezi akufuna chiti? Akufuna Winnie, akufuna Gina, akufuna kukhala katswiri wa m'chihema, kapena akufuna kuti a m'tauni amulandire? Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, ndipo ndi mmene nkhaniyi idagwera.

Kanema_Wakale
Aphunzitsi, mfundo yanu ndaimva, koma musaiwale anthu amene anali kuseri. Filimu yoyamba adaitsogolera Tim Burton, ndipo inali filimu yake yaitali yoyamba. Adailemba anthu atatu, Paul Reubens mwini wake amene ndiye Pee-wee, Phil Hartman ndi Michael Varhol. Hartman ndi amene adathandiza kuumba Pee-wee kuyambira ali limodzi m'gulu la zisudzo la The Groundlings ku Los Angeles m'zaka za m'ma 1970. Pofika 1988 Burton adali atapita kukapanga Beetlejuice n'kuyamba kukonzekera Batman, Hartman adali atalowa mu Saturday Night Live kuyambira 1986, ndipo filimu idachoka ku Warner Bros. kupita ku Paramount. Amene adatsala pa gulu lakale ndi Reubens ndi wopeka nyimbo Danny Elfman. Wotsogolera watsopano adali Randal Kleiser, amene adatchuka ndi Grease ndi The Blue Lagoon, zonse ziwiri nkhani za chikondi cha achinyamata. Ndalama nazonso zikuchitira umboni. Yoyamba idadya madola pafupifupi 7 miliyoni n'kubweza oposa 40 miliyoni, pamene yachiwiri idabweza pafupifupi 15 miliyoni okha. Mutu umodzi susenza denga.

Chisale77
Sindikugwirizana nako kumusenzetsa Kleiser mlandu wonse. Iyeyu ndi Reubens ankadziwana kale, chifukwa mu Flight of the Navigator ya 1986, imene Kleiser anatsogolera, mawu a chombo chija ndi a Reubens. Sanali mlendo womugwera. Komanso nkhani ya Big Top Pee-wee anailemba Reubens ndi George McGrath. Ngati Pee-wee wapatsidwa akazi awiri, amene anamupatsa ndi mwini wake. Wotsogolera amajambula zimene zili papepala.

Kanema_Wakale
Achimwene a Chisale, sindinanene kuti Kleiser ndi wolephera. Ndikunena kuti diso lake ndi lina. Burton akaona msewu wa usiku amaonamo mizukwa, Kleiser akaona munda amaonamo dzuwa likulowa ndi anthu awiri ogwirana manja. Pee-wee amafuna diso loyambalo.

MayiWaKuMaryland
Ndiloleni ndiyankhule monga munthu amene ndinali ku America nthawi imeneyo. Ndinapita mu 1987 kutsatira amuna anga amene ankaphunzira, ndipo ndinkalera ana awiri a banja lina kuti tipezeko ya sopo. Loweruka lililonse m'mawa ana aja ankakhala pansi pa kapeti ndi mbale zawo za phala kudikira pulogalamu ya Pee-wee's Playhouse pa wailesi ya kanema ya CBS. Pulogalamuyo inali ndi mpando wolankhula, loboti yotulutsa liwu lachinsinsi la tsikulo, ndipo wina akangolitchula liwulo aliyense amayenera kukuwa. Ana aja ankakuwadi, ndipo ankapitiriza tsiku lonse, moti ine ndinkasamala pakamwa panga mpaka madzulo. Laurence Fishburne, amene ambiri munamudziwira m'mafilimu a akuluakulu, ankasewera mmenemo ngati Cowboy Curtis.

Ndiye taganizani kuti makolo amene ankamukhulupirira Pee-wee kuti akhoza kumusiyira ana m'chipinda chochezera, atenga anawo kupita nawo ku filimu yatsopano, n'kukapeza Pee-wee akupsopsonana ndi Gina kwa nthawi yaitali kwambiri, Winnie n'kuwapezerera, ndipo patsogolo filimu imasonyeza mwa zizindikiro kuti awiriwo anafika patali. Mayi wa ana aja atabwerako anangondiuza kuti sadzawatengeranso. Akuluakulu amene ankamukonda Pee-wee chifukwa cha nthabwala zake za m'mabwalo a usiku anaona kuti nkhumba yolankhula ndi ya ana, pamene makolo anaona kuti za chibwenzizo si za ana. Mapanga awiri avumbwitsa.

BamboWaAtatu
Mayi, mwandikumbutsa. Pa malo a kupsopsonanawo ndinadzuka kukatenga madzi amene sindinkawafuna, ndipo nditabwerako anali asanamalize.

TsambaLouma
Ndaona kuti aliyense akuiponda filimuyi, choncho ndiloleni ndiime nayo, chifukwa ine ndimaikonda ndipo ndaionera kanayi. Paul Reubens anabadwa mu 1952 ku Peekskill m'chigawo cha New York, dzina lake lenileni linali Paul Rubenfeld, koma anakulira ku Sarasota ku Florida. Tauni imeneyi kwa zaka zambiri inali kopumulira kwa gulu lalikulu la Ringling Bros. and Barnum & Bailey m'nyengo yozizira, ndipo mabanja ambiri a anthu a circus anakhazikika kumeneko. Mnyamata ameneyu ankakumana mumsewu ndi anthu amene ntchito yawo inali kuyenda pa chingwe ndi kulendewera m'mwamba. Mukaionera filimuyi mukudziwa zimenezi, mumaona kuti si ntchito ya munthu wothamangira ndalama. Akanafuna ndalama akanangobetsanso njinga ija kachiwiri, anthu n'kudzaza. Iye anasankha kubwerera ku ubwana wake.

Ndipo pakati pa nkhaniyi pali chinthu chimene chimandigwira mtima. Anthu a m'tauni ndi okalamba, okwiya, safuna alendo, ndipo amathamangitsa a circus. Pamapeto Pee-wee amawadyetsa timasoseji ta mumtengo wake uja, onse amasanduka ana, ndipo akasanduka ana amathamangira kuchihema kukaonera. Uthenga wake ndi womveka: chimene chimatitsekera khomo la chimwemwe ndi kuiwala kuti tinali ana. Kodi zimenezi ndi zopanda pake?

Nangozo_Leeds
Si zopanda pake, koma munthu akhoza kukhala ndi cholinga chabwino n'kuphika nsima yosapsa. Ife timadya nsima, sitidya cholinga.

TsambaLouma
Mayi, nsima yake ndi yofewa chabe. Kusapsa ndi nkhani ina.

WaZisudzo_Mzuzu
Ine ndimalemba ndi kusewera zisudzo za pa mpingo ndi za m'masukulu, ndipo vuto la filimuyi ndinalilawa ndekha. Zaka zingapo zapitazo ndinalemba sewero la mkulu wina wa kumudzi amene anabwera m'tauni koyamba. Anavala jekete lalikulu la malemu mchimwene wake, ankapereka moni kwa aliyense m'minibasi mmodzimmodzi, ndipo ku banki anavula nsapato pakhomo. Anthu anaseka mpaka kupukuta misozi, natipempha gawo lachiwiri. M'gawo lachiwirilo ndinaganiza zowonjezera mchere: ndinamubweretsera mkazi wake, mlamu wake ndi mfumu ya kwawo, onse achilendo ngati iye. Holo inali yodzaza, koma kunali zii. Ndili kuseri kwa katani ndinkamva mipando ikulira anthu akutembenuka. Mnzanga wina wachikulire anandiuza pambuyo pake kuti mkulu uja ankaseketsa chifukwa onse omuzungulira anali anthu wamba, ndipo nkhope zawo zodabwa ndizo zinkatiuza poti tiseke.

N'chimodzimodzi ndi Pee-wee. Bambo wamkulu wovala suti yomuthina, tayi yofiira ndi nsapato zoyera, wolankhula ngati mwana, amaoneka bwino akaima pakati pa oyendetsa malole, apolisi ndi ogulitsa m'sitolo. Mukamuika pakati pa mnyamata wa nkhope ya galu, mkazi wamng'ono wokwana m'thumba la malaya ndi anthu ena odabwitsa a m'chihema, iye amasanduka munthu wamba pa gululo. Kachidutswa ka choko kamaoneka pa bolodi lakuda, koma pa khoma la laimu simungakaone.

Kanema_Wakale
Mfundoyi ndi yamphamvu, komabe Charlie Chaplin akuitsutsa. Mu 1928 adapanga The Circus, nayenso adaika mtengambali wake wodziwika m'chihema, ndipo filimuyo idayenda bwino mpaka adalandira nayo ulemu wapadera pa mwambo woyamba wa Academy Awards mu 1929. Ndiye kuti circus payokha si imene imapha nthabwala.

WaZisudzo_Mzuzu
Ndikuthokoza kuti mwamutchula, chifukwa akundithandiza ine. Kwa Chaplin munthu uja amalowa m'chihema akuthawa wapolisi, anthu amaseka poganiza kuti ndi gawo la masewera, ndipo mwini circus akamulemba ntchito zimadziwika kuti amaseketsa pokhapokha asakufuna kuseketsa. Iye amakhalabe mlendo pakati pawo, wanjala, woopa kuchotsedwa, ndipo pamapeto ngolo zimachoka iye n'kutsala yekha pa bwalo pamene panali chihema. Pee-wee sali mlendo kwa a circus. Munda ndi wake, iwo ndiwo alendo ake, mkulu wawo Mace Montana amamukonda kuyambira tsiku loyamba, ndipo palibe chimene angataye. Onse awiri amayenda pa chingwe kumapeto, koma kwa Chaplin, anyani akumukwera kumutu, mtima wa woonera umakhala m'mwamba.

Kanema_Wakale
Pamenepo ndavomera.

Mnyamata_wa_Ndirande
Ine Pee-wee ndamudziwa ndili wamkulu. Pamene tinkakula, m'nyumba zoonetsera mafilimu za kwathu, zija za mabenchi ndi katani yakuda pakhomo, wanthabwala wachizungu amene tinkamudziwa anali Mr. Bean. Ndikuganiza kuti chifukwa chake n'chakuti Mr. Bean salankhula kwenikweni, choncho ngakhale amene sitinkamva Chingerezi tinkatsatira. Pee-wee amadalira pakamwa, mawu ake ndi a ana a ku America akamanyozana pabwalo la sukulu, ndipo zimenezo siziwoloka nyanja mosavuta. Koma ndaona kuti Rowan Atkinson nayenso anavutika atamutengera Mr. Bean ku filimu yaitali mu 1997, chifukwa anayenera kumulankhulitsa ndi kumupatsa banja la ku America loti alikonze. Mwina anthu oterewa anabadwira mphindi 25 basi.

Chisale77
Filimu ya 1985 ikukana zimenezo. Ndi ya ola limodzi ndi theka ndipo palibe potopetsa.

GogoNaphiri
Ana anga, ine chimene chandikhudza pa zonse mwalembazi ndi munthuyo, osati filimu. Ndamva kuti kwa zaka zambiri Paul Reubens sankaonekera pagulu ngati iye mwini, ankapita ngakhale kokafunsidwa mafunso atavala ngati Pee-wee. Ife kuno zimenezi timazidziwa. Ndi angati amene ankamutchula malemu John Nyanga ndi dzina lake? Tonse tinkati Izeki, ndipo malemu Eric Mabedi tinkati Jakobo. A Michael Usi anafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, koma kumsika anthu ankangoti Manganya. Dzina la m'sewero likakula limameza mwini wake, ndipo anthu safunanso kuti munthuyo asinthe kapena akule.

MphunzitsiWaChichewa
Agogo, mwakhudza pamene ndimafuna kubwerera. Reubens anachita dala zimenezi. M'filimu yoyamba, pa mndandanda wa osewera, analembapo kuti Pee-wee Herman akusewera ngati iye mwini, ndipo dzina la Paul Reubens limaoneka pa olemba nkhani. Ngakhale nyenyezi imene anapatsidwa pa Hollywood Walk of Fame mu 1988 ili ndi dzina la Pee-wee Herman. Ankafuna kuti anthu akhulupirire kuti Pee-wee ndi munthu weniweni, ndipo anapambana. Tsono ndikaiona Big Top Pee-wee ndimaona bambo wa zaka 35 amene wakhala m'suti ya mwana kwa zaka pafupifupi khumi ndipo akufuna kupuma. Akufuna kusewera munthu wokonda ndi wokondedwa, koma chovala chokha chimene anthu amamulola kuvala ndi chomwecho. M'filimu yoyamba Dottie, mtsikana wa m'sitolo ya njinga, akamufunsira, Pee-wee amazemba monga amachitira mnyamata wa sitandade 4 akauzidwa kuti akhale benchi limodzi ndi mtsikana. Patangopita zaka zitatu yemweyo akugwetsa Winnie pa udzu ndi kumunamiza. Mwana akakhala wodzikonda timaseka chifukwa tikudziwa kuti adzakula. Bambo akakhala wodzikonda kwa mkazi amene wamulonjeza ukwati, kuseka kumatha.

Nangozo_Leeds
Ndi zoona, ndipo ine ndinamumvera chisoni Winnie kuposa wina aliyense. Mtsikanayo amamukonzera chakudya tsiku lililonse, ngakhale kuti masangweji a mazira amene amakonzawo Pee-wee sawakonda, ndipo filimu imafuna kuti tione ngati kulakwa kwake n'kumeneko. Kenako olemba amamupeza pothawira pomupereka kwa azichimwene a Gina kuti ife tisamuweruze Pee-wee. Ine ndinamuweruzabe.

Mlaliki_wa_Salima
Ndikudabwa kuti mwalemba zambiri chonchi osatchula kuti munthu ameneyu anamangidwa mu 1991 pa mlandu wochititsa manyazi. Bambo amene mwayambitsa nkhaniyi, kodi munkadziwa zimenezi pamene munkaonetsa ana anu? Ine sindingalole.

MayiWaKuMaryland
Abusa, nkhaniyo ndi yoona ndipo palibe akuibisa. Mu July 1991 anamangidwa ku Sarasota m'nyumba yoonetsera mafilimu a akuluakulu, pa mlandu wodzionetsa mosayenera. Sanautsutse mlanduwo m'khoti, analipira chindapusa ndi kugwira ntchito yothandiza anthu. Ndinali ndidakali ku America ndipo ndikukumbukira chithunzi cha kupolisi chija, tsitsi lalitali ndi ndevu, chili pa nyuzipepala iliyonse m'sitolo. Ana amene ndinkalera aja sanamuzindikire n'komwe. CBS inachotsa magawo obwereza a pulogalamu yake ndipo zidole zake zinachotsedwa m'masitolo. Sindikuchepetsa cholakwacho. Koma chilango chinakula chotero chifukwa cha zimene agogo anena, kuti dziko lonse linkamuona ngati mwana ndipo linali lisanamuonepo ngati bambo wa zaka 38. Za kuonetsa ana, kholo lililonse lili ndi ufulu wosankha, ndipo ine maganizo anu ndikuwalemekeza.

Mlaliki_wa_Salima
Ndayamikira kuti mwayankha mwaulemu, mayi. Ine ndikhalabe pomwe ndaima, chifukwa amene wasankha kugwira ntchito ya ana wasenza katundu wolemera kuposa ena.

BamboWaAtatu
Abusa, ndinkadziwa. Ndinaganizapo ndisanawaonetse, ndipo ndinaona kuti m'filimu yoyambayo mulibe chimene chingawaipitse. Koma funso langa lija linali la filimu, ndipo sindikufuna kuti litayike.

Chisale77
Tibwereredi ku filimu, ndipo ndikonzeko chinthu chimodzi chimene anthu ambiri amasokoneza. Kumangidwako sikunaphe Big Top Pee-wee, chifukwa filimuyo inagwa zaka zitatu m'mbuyo mwake. Sikunathetsenso Pee-wee's Playhouse, popeza pulogalamuyo inayamba mu 1986 ndipo magawo atsopano anatha mu 1990, Reubens atatopa. Chimene tingawonjezere ndi nyengo imene filimuyo inatulukira. Inatuluka mu July 1988, pamene m'mabwalo a kanema munali Who Framed Roger Rabbit, Coming to America ndi Die Hard. Munalinso Big, ya Tom Hanks, imene nkhani yake ndi ya mnyamata wa zaka 12 amene wadzuka ali m'thupi la bambo. Taonani kufanana kwake: nayonso ili ndi mwana m'thupi la wamkulu, nayonso ili ndi chibwenzi, koma inabweza madola oposa 100 miliyoni. Kusiyana kwake n'kwakuti mu Big tikudziwa bwino lomwe kuti mkatimo muli mwana, ndipo chibwenzicho n'chimene chimamuonetsa kuti sanakonzeke kukula. Kwa Pee-wee palibe amene ankadziwa ngati ndi mwana kapena bambo, ndipo kukoma kwake kunali komweko. Filimu yachiwiri inayankha funso limene silinkafunika yankho.

WaZisudzo_Mzuzu
Chiganizo chomalizachi ndichikopera m'kope langa.

TsambaLouma
Ngakhale mwandichulukira, ndiloleni nditchule zabwino zimene simunazitchule. Kris Kristofferson, woimba wa mawu okhuthala uja, amasewera Mace Montana mosaseka ngakhale pang'ono, akulankhula ndi mkazi wake Midge amene ali m'thumba la malaya ake ngati palibe chachilendo, ndipo Susan Tyrrell amamupatsa Midge ukali wa munthu wamtali. Mnyamata wa nkhope ya galu uja ndi Benicio del Toro, ndipo iyi inali filimu yake yoyamba. Valeria Golino, amene ndi Gina, anaonekanso chaka chomwecho mu Rain Man. Reubens anali ndi diso lodziwa kusankha anthu. Komanso chigawo cha m'mawa chija, pamene akudzutsa ziweto zake zimene zimagona pa mabedi ndi kudya nazo pa tebulo limodzi, chimafanana mphamvu ndi makina ophikira chakudya cham'mawa a m'filimu yoyamba.

Nangozo_Leeds
Chigawo chimenecho ndi chabwinodi. Vuto n'lakuti chili kumayambiriro, ndipo kuchokera pamenepo msewu ndi wotsetsereka.

Mnyamata_wa_Ndirande
Kodi pambuyo pa zonsezi anadzukanso?

Kanema_Wakale
Adadzuka, ngakhale pang'onopang'ono. Mu September 1991, patangopita milungu yochepa chimangidwireni, adatulukira atavala ngati Pee-wee potsegulira mwambo wa MTV Video Music Awards, nafunsa anthu ngati amvako nthabwala zabwino posachedwapa, ndipo holo yonse idaimirira. Burton sadamutaye: adamupatsa malo a bambo ake a Penguin mu Batman Returns ya 1992, ndipo mawu ake alimo mu The Nightmare Before Christmas. Adaseweranso mu Mystery Men mu 1999 ndi mu Blow mu 2001, pamene ambiri adaona koyamba kuti ndi katswiri ngakhale atavula suti ija. Pee-wee adabwerera pa siteji mu 2010 mpaka ku Broadway, mabwalo otchuka a zisudzo a ku New York, ndipo mu 2016 Netflix idatulutsa Pee-wee's Big Holiday. Chimene ndikufuna muone n'chakuti m'filimu ya 2016 adabwerera ku njira ya 1985: ulendo wapamsewu, cholinga chimodzi chokafika ku New York pa phwando la tsiku lobadwa la mnzake Joe Manganiello, ndi anthu osiyanasiyana okumana nawo m'njira. Ineyo ndimaona ngati mwini wake adavomereza pamenepo kuti Pee-wee amafunika kuyenda. Adamwalira pa 30 July 2023 ali ndi zaka 70, atadwala khansa kwa zaka 6 osauza anthu.

GogoNaphiri
Zaka 6 akudwala osanena. Munthu amene anazolowera kubisala kuseri kwa nkhope ina anabisanso ululu wake. Mzimu wake uuse mumtendere.

BamboWaAtatu
Ndikuthokozani nonse, ndawerenga kawiri zimene mwalemba. Dzulo madzulo ndinayesa chinthu china. Ndinamuitana wamng'ono uja n'kumufunsa chimene akukumbukira pa filimu yachiwiri, ndipo anati nkhumba ndi mtengo wa masoseji basi. Za Gina ndi Winnie sanazitchule, ngati kuti munalibemo. Nditamufunsa za yoyamba anandifotokozera kuyambira pa kubedwa kwa njinga mpaka kumapeto, osadumpha, akuchita kusintha mawu pofika pa Large Marge. Kenako anandifunsa ngati kuli yachitatu. Ndamuuza kuti iliko, koma ulendo uno ndiyamba ndaionera ndekha usiku iwo atagona.

TsambaLouma
Muionere, bambo, ndipo mudzatiuze. Koma tsiku lina anawo atapita kwa agogo awo, mudzaikenso ya circus ija muli nokha, mudzadumphe za chibwenzizo, mudzayambire pamene okalamba a m'tauni akudya timasoseji tija. Mudzayang'ane nkhope ya Reubens akukwera kupita pa chingwe, chihema chitadzaza ana. Kwa ine pamenepo si Pee-wee amene akumwetulira, ndi mnyamata wa ku Sarasota.